Khwangwala ndi Mbale wa Timba, Nanga Fuko Lawo Tilitche Chiyani?

Akatswiri a zamoyo amati padziko lapansi pali mitundu ya mbalame pafupifupi 11,000, ndipo yoposa theka mwa iyo ili m'gulu limodzi lotchedwa Passeriformes. M'gululi muli mpheta, timba, pumbwa, namzeze, mthengu, atchete oluka zisa aja, ngakhalenso khwangwala. Mphunzitsi wofuna kufotokoza gulu limeneli m'Chichewa amagwira njakata, pakuti dzina lake tilibe. M'chimangirizo chino ndikuti dzinalo tingathe kulipeza, koma pokhapokha titasiya chizolowezi chongotembenuza mawu a Chingerezi limodzilimodzi.

Angerezi amazitcha mbalamezi ndi mawu otanthauza kuti "zotera pa nthambi". Tikatengera pomwepo, mwana wa sitandade 4 atifunsa kuti, "Kodi njiwa sitera pa nthambi? Nanga kadzidzi amagona pansi?" Mwanayo akhala akulondola, chifukwa njiwa ndi kadzidzi sizili m'gululi. Ena angakonde kunena kuti "mbalame zoimba", komatu amene anamvapo khwangwala akulira pa dzala sanganene kuti imeneyo ndi nyimbo. Chimodzi mwa zizindikiro za gululi ndi phazi: zala zitatu zimaloza kutsogolo, chimodzi champhamvu chimaloza kumbuyo, moti kambalame kamafumbata ngakhale phesi la udzu osagwa. Pamwamba pa izo pali chibale cha magazi chomwe masiku ano amachitsimikiza poyeza DNA.

Dzina lakuti Passeriformes likuchokera ku liwu la Chilatini lakuti passer, lomwe ndi mpheta. Kunena kwina, eni sayansi anangotola mbalame imodzi yodziwika pakhomo n'kuitanira gulu lonse m'dzina lake. Ife tikulepheranji kuchita chimodzimodzi? Ine ndikuti tizinena kuti "fuko la mpheta". Liwu lakuti fuko Mchewa aliyense amalimva: Aphiri alipo aatali ndi aafupi, olemera ndi osauka, koma onse ndi amodzi chifukwa cha kumene anachokera, osati chifukwa cha maonekedwe. Ndi mmenenso khwangwala, chimbalame chonse chija, alili mbale wa timba. Pansi pa fuko tingaike banja, monga banja la atchete kapena la anamzeze. Vuto lenileni lili pa liwu lakuti mtundu, lomwe talisenzetsa katundu wambiri: mtundu wa anthu, mtundu wa nsalu, mtundu wa mbewu. Funso lakuti "mbalameyo ndi yamtundu wanji?" wina angaliyankhe kuti "yakuda", wina kuti "mthengu", ndipo onse awiri sanalakwe.

Wina angatsutse kuti kumudzi dzina lakuti mpheta limaperekedwa kwa timbalame tosiyanasiyana, choncho silingakhale maziko a sayansi. Zoona, komatu Aroma nawonso ankatchula timbalame tingapo kuti passer, ndipo zimenezo sizinaletse liwulo kulowa m'mabuku. Tanthauzo la liwu la maphunziro limakhazikika pogwirizana ndi poligwiritsa ntchito.

Apa ndisamveke ngati ndikunena kuti makolo athu sankadziwa kugawa mbalame. Ankagawa, koma funso lawo linali lina. Mnyamata wotchera ulimbo amafuna kudziwa yodyedwa ndi yosadyedwa. Mlimi wa mapira ndi mpunga ku chigwa cha Shire amadziwa zomwe ayenera kuingitsa mbewu zikayamba kucha. Gogo amadziwa zamalodza, monga kadzidzi wolira padenga. Brian Morris, yemwe analemba The Power of Animals mu 1998, anasonyeza kuti kagawidwe ka Amalawi ka zamoyo kali ndi nzeru zake. Ngakhale galamala ikuchitira umboni. Timati apumbwa, atimba, akhwangwala, m'gulu la maina lomwe timaikamo anthu, pamene mpheta, njiwa ndi nkhanga zili m'gulu lina. Namzeze ndi nantchengwa ali ndi mphatikiram'mbuyo na- yemwe timamumva mwa NaBanda ndi NaPhiri. M'miyambi namo mbalamezi zili ndi khalidwe: timba sachepa ndi mazira ake, ndipo khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba. Dzina la Chilatini lakuti Corvus albus silinganyamule zonsezi. (Ndipotu likutanthauza "khwangwala woyera", chonsecho mbalameyo mbali yaikulu ndi yakuda.)

Chondidetsa nkhawa kwambiri si kusowa kwa dzina la gulu, koma kutha kwa maina a mbalame imodziimodzi. Buku la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la mu 2006, The Birds of Malawi, linawerenga mitundu pafupifupi 650 m'dziko muno. Ndi ophunzira angati m'kalasi mwathu angatchule maina makumi awiri m'Chichewa? Ambiri amene tinakulira m'tauni chilichonse chouluka timangoti "kambalame". Apalis flavigularis, kambalame kachikasu kukhosi, sikapezeka kwina kulikonse padziko kupatula m'nkhalango za m'mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa, ndipo kali pachiopsezo chakutha. Ina, Chamaetylas choloensis, yasunga m'dzina lake kalembedwe kachitsamunda ka Thyolo, "Cholo", pamene nkhalango ya paphiri la Thyolo inagwetsedwa pafupifupi yonse. Zonse ziwiri ndi za fuko la mpheta. Nkovuta kuuza anthu okhala m'tsinde mwa phiri kuti ateteze chinthu chomwe tikuchitchula m'Chilatini chokha.

Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000 unali chiyambi chabwino, monganso dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya mu 1892. Koma mtanthauziramawu wa chiyankhulo chonse sungakwanitse kusiyanitsa timbalame tofanana nthenga. Ntchito imeneyo ikufuna anthu awiri oyendera limodzi: wophunzira zamoyo wodziwa mbalame, ndi wophunzira ziyankhulo wodziwa kufunsa ndi kulemba matchulidwe molondola. Dipatimenti yathu imatumiza ophunzira a chaka chomaliza kukatolera miyambi ndi nyimbo za pamtondo. Ena mwa iwo atumizidwe ndi zithunzi ndi mawu a mbalame ojambulidwa pa foni, akakhale pansi ndi akuluakulu amene ankatchera ulimbo ali anyamata ku Ntchisi, ku Dedza ndi ku Nsanje, akalembe dzina lililonse pamodzi ndi dera lomwe alimva.