Nyumba yokongola, koma yaikidwa pa malo a ndani?

Masiku ano nyumba imayamba kuoneka pa chikwangwani maziko asanakumbidwe. Chithunzi chake chimapangidwa pa kompyuta ndi mapulogalamu monga Lumion, Twinmotion, V-Ray kapena Blender, ndipo makoma, mawindo ndi denga zimatuluka bwino zedi. Bodza limabisala pa zimene zazungulira nyumbayo: kapinga wobiriwira chaka chonse, mitengo ya kumayiko ozizira, msewu wosalala wopanda fumbi, wopanda ngakhale pholo limodzi la magetsi.

Gwero lake n'losavuta kulimvetsa. Ambiri mwa mapulogalamuwa amabwera ndi mitengo, magalimoto, anthu ndi mitambo zopangiratu, ndiye wojambula wothamangira ntchito amangotola n'kumata.

Pamene pali nkhani yaikulu ndi pa dzuwa. Akatswiri amawalitsa nyumba zawo pogwiritsa ntchito chithunzi chotchedwa HDRI, chomwe chimajambula mbali zonse za malo kuphatikizapo thambo, n'kusunga mphamvu yeniyeni ya kuwala. Njirayi inatchuka ndi ntchito ya Paul Debevec m'zaka za 1997 ndi 1998, ndipo lero zithunzi zotere zimapezeka mwaulere pa Poly Haven. Koma thambo lobwereka silidziwa kumene pulotiyo ili. Ku London dzuwa la masana limakhala chakummwera chaka chonse, pomwe ku Lilongwe mu Juni limakhala chakumpoto. Wojambula akaiwala kuuza kompyuta dera, mwezi, ola ndi kumene kuli kumpoto, khonde limaoneka la mthunzi wabwino pa chithunzi, mwini wake n'kudzapeza kuti ndi ng'anjo.

Dzuwa lenileni silisewera. Mu 2013, magalasi opindika a nyumba yosanja ya 20 Fenchurch Street ku London, imene anthu amaitcha Walkie-Talkie, anasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa mpaka kusungunula mbali zina za galimoto ya mtundu wa Jaguar yomwe inaimikidwa pamsewu. Eni nyumbayo anachita kudzaika zotchinga dzuwa pambuyo pake.

Komabe mzinda womwewo uli ndi chizolowezi chofunika kutengera. Womanga nyumba yaitali yomwe ingatchinge maonekedwe a tchalitchi cha St Paul's amapereka zithunzi zotsimikizika. Amajambula malowo ndi kamera ataima pamene anthu amaima, woyeza malo amalemba pomwe kamerayo inali ndi kutalika kwa zinthu zozungulira, kenako nyumba ya pa kompyuta imalowetsedwa m'chithunzi chenichenicho. Mpata wokometsera umachepa.

Ena anganene kuti chithunzi chotsatsa malonda chiyenera kukopa, ndipo palibe wogula amene angakopeke ndi fumbi la mu Okotobala. N'zoona, koma kusankha tsiku labwino si chimodzimodzi ndi kusintha dziko. Wojambula angasankhe mwezi wa Epulo, mvula itangotha, udzu ukadali wobiriwira. Dothi lofiira, mtengo wa mango wa pamalire, mpanda wa njerwa wa oyandikana nawo ndi thanki ya madzi zikhale pamalo pake, chifukwa tsiku lolowa m'nyumbamo zidzakhala zilipobe. Mitengo yomwe sinabzalidwe isaoneke ngati ya zaka 30.

Amene akufuna kulipira puloti kapena nyumba ya pa chikwangwani ayambe wafunsa kuti thambo ndi msewu za pa chithunzicho zinajambulidwa kuti, mwezi uti, ndiponso nthawi yanji.