Ndani adzaphunzitse mgodi wa ku Kasiya?

Amene walima fodya wa pa kontirakiti ku Nsaru kapena ku Kabudula akudziwa kuti mafunso a alangizi a kampani anasintha. Kale nkhani inali nazale, feteleza ndi chigafa basi. Masiku ano mlangizi amafuna kudziwanso kuti pakhomo pali ana angati, ali sitandade chani, nanga uyu akusoka fodya pakhondeyu ali ndi zaka zingati. Zonsezo amalemba n'kupita nazo kwa mabwana ake.

Ena amati makampani anatembenuka mtima. Ine sindikhulupirira zimenezo, ndipo sindikuwanyoza potero. Kampani ilibe mtima woti utembenuke. Ili ndi thumba, ili ndi ogula katundu wake, ilinso ndi mbiri yoti iiteteze. Ikaphunzira, imaphunzira chifukwa chimodzi mwa zitatuzi chakhudzidwa.

Taonani mmene zinayendera pa fodya. Mu 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti lonena kuti ana pafupifupi 78,000 ankagwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi, ndipo ena mwa iwo chikonga chimene chinkalowa pakhungu lawo tsiku limodzi chinkafanana ndi cha ndudu 50. Nthawi imeneyo kunali kosavuta kuti makampani asambe m'manja: belo lagulidwa pa okushoni ku Kanengo, ndani angadziwe dzanja limene linathyola tsamba? Kenaka panabwera nyengo ya zachifundo, midadada ya sukulu ndi mijigo yokhala ndi zikwangwani. Zabwino ndithu, koma mwana ankamwa madzi a pamjigowo n'kubwerera kumunda. Ulimi wa pa kontirakiti utakhazikika kuyambira mu 2012, chowiringula chija chinatha, poti tsopano kampani inkadziwa mlimi wake ndi dzina, mudzi ndi munda womwe.

Koma chimene chinagwedeza maofesi a ku Kanengo ndi cha pa 1 November 2019, pamene dziko la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pa madoko ake chifukwa cha nkhani yogwiritsa anthu ntchito mokakamiza, ana omwe. Kuti chiletsocho chichoke, kampani iliyonse inayenera kuonetsa umboni wa mmene imalondolera alimi ake. Alliance One ndi Limbe Leaf anamasulidwa mu 2020, Premium Tobacco mu 2021. Chaka chomwecho cha 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Ku London nako maloya a Leigh Day anali atasumira British American Tobacco ndi Imperial Brands m'malo mwa alimi zikwizikwi a kuno. Zimene malipoti analephera kwa zaka khumi, msika wotsekedwa unazichita m'miyezi yowerengeka.

Phunzirolo silinathe. Mlimi angathe kusaina kuti sagwiritsa ntchito ana, koma ngati mtengo wa kilogalamu sukukwana kulipira waganyu wamkulu, mwana adzabwerera kuchigafa mlangizi akangokwera njinga yake yamoto. Pamenepo ndi pamene udindo wa kampani umafika pa thumba lenileni, ndipo ndi pamene kuphunzira kumayenda pang'onopang'ono kwambiri.

Ndakumbutsa zonsezi chifukwa dera lomweli lalandira mlendo wina. Ku Kasiya, moyandikana ndi anthu a ku Kabudula, Nsaru ndi Nambuma, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inapeza miyala ya rutile, yomwe akuti palibenso malo ena padziko lapansi odziwika kuti ali nayo yochuluka chotere, pamodzi ndi graphite. Rutile ndi amene amapangira penti woyera ndi chitsulo cha titanium cha ndege, pamene graphite amalowa m'mabatire. Mu 2023 chimphona cha migodi, Rio Tinto, chinagula magawo 15 pa 100 a kampaniyi, ndipo chaka chotsatira anafika pafupifupi 20. Chuma chimenechi sichili m'phiri ayi. Chili m'dothi lomwelo la chimanga, fodya ndi mtedza, kuyambira pamwamba pomwe khasu limafika.

Kunena chilungamo, mlendoyu wabwera ataphunzirako kale zina. Mu 2024 anakumba dzenje loyesera, n'kulikwiriranso, n'kubwezeretsa dothi, alimi n'kudzalapo. Kampaniyo ikuti chimanga chinatuluka matani opitirira 5 pa hekitala, pamene m'derali ambiri amapeza tani imodzi. Yaphunzitsanso alimi ulimi wosunga chinyezi ndi chonde. Izi n'zosiyana ndi kugawa mipira ndi mayunifolomu, chifukwa zikukhudza ntchito yeniyeni ya mgodi: nthaka ikakumbidwa, idzabwerera kwa mwini wake ili bwanji? Komabe tisaiwale kuti woyesa ndi wolengeza zotsatira ndi mmodzi yemweyo, ndiponso kuti munda woyeserera umasamalidwa ngati mwana woyamba. Mahekitala zikwizikwi, chaka ndi chaka, mitengo ya miyala itagwa pa msika, imeneyo ndi nkhani ina.

A ku Karonga angatiuze bwino. Mgodi wa uranium wa Kayelekera unatsegulidwa ndi kampani ya Paladin mu 2009 ndi malonjezo ambiri, n'kuima mu 2014 mitengo itagwa. Bungwe la ActionAid linawerengera mu 2015 kuti pa mgodiwu dziko linataya ndalama zokwana madola 43 miliyoni m'zaka 6 chifukwa cha misonkho imene inachotsedwa kapena kuchepetsedwa. Mu 2016 Human Rights Watch inalemba za mabanja a m'bomalo amene anasamutsidwa osauzidwa bwino, ndi za maenje a malasha amene anasiyidwa kukamwa yasa ku Mwabulambo. Boma nalo linaphunzirapo mochedwa. Lamulo la migodi la 2019 ndi limene linayamba kukakamiza migodi ikuluikulu kusainirana mgwirizano wa chitukuko ndi anthu ozungulira, ndi kuikapo ndalama zosachepera 0.45 pa 100 iliyonse ya zogulitsa. Kunena kwina, K4,500 pa K1 miliyoni iliyonse. Ndi zochepa, koma ndi ngongole, si mphatso yoti tiziombera m'manja.

Apa ndiye pali ntchito ya eni dera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Lonjezo lonenedwa pa msonkhano wa pansi pa mtengo limachoka ndi galimoto ya amene analinena, poti mabwana amasinthidwa ndipo kampani nayo imagulitsidwa. Chimene chimatsala ndi pepala losainidwa, lolembedwa m'Chichewa, lomwe makope ake ali kwa a gulupu, ku komiti ya VDC ndi ya ADC, ngakhalenso ku parishi ya Nambuma ngati kungafunike.

M'pepalalo muzikhala mayankho a mafunso amene amavuta kufunsa alendo akabwera ndi zakumwa. Munda ukatengedwa udzabwezedwa pakatha zaka zingati, ndipo banja lizidya chiyani podikira? Chipukuta misozi chizilowa m'manja mwa ndani, poti kuno kwa Achewa munda nthawi zambiri ndi wa mbumba, koma pa mndandanda pamakonda kulembedwa dzina la bambo? Manda ndi dambwe zidzatani? Madzi a m'zitsime ndi m'madimba ayezedwe lero, mgodi usanayambe, ndi anthu osalipidwa ndi kampani, kuti mawa pasadzakhale kukangana kuti kodi anali oyera kapena ayi. Ndipo wodandaula adziwe khomo logogoda, ndi masiku amene ayenera kudikira yankho.

Alimi a fodya anadikira mpaka a kasitomu a ku America atawalankhulira. A ku Kasiya ali ndi mwayi umene anzawowo analibe: kampani ikufunabe chilolezo ndi ndalama za obwereketsa, ndipo obwereketsawo amafunsa ngati eni nthaka avomera. Mafumu ndi makomiti akhale pansi chaka chino, aitane anzawo a ku Karonga adzawauze zimene anaiwala kulembetsa.