Cheke cha chitukuko chisainidwe kumudzi

Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lija timangoti CDF, linayamba mu 2006 ndi K2 miliyoni pa dera lililonse. Linakwera kufika K100 miliyoni mu 2022, kenaka K200 miliyoni mu 2024, ndipo bajeti ikafika ku Nyumba ya Malamulo phokoso lonse limakhala pa kuchuluka kwa ndalamazo. Za amene amasankha chomangidwa, ndi za amene amasaina cheke, sizikambidwa kwenikweni, chonsecho nkhani yagona pamenepo. Ine ndikuti gawo lina la ndalamazi lizidulidwa kukhala timathumba ting'onoting'ono, mamiliyoni ochepa chabe, n'kuikidwa mwachindunji mu akaunti ya komiti imene anthu a m'mudzi asankha okha, kuti amange chimene iwo aona kuti chikuwasowa.

Njira imeneyi si yachilendo kwathu kuno. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana anakhamukira kusukulu, chiwerengero chawo n'kukwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo ambiri ankaphunzirira pansi pa mitengo. Mu 1995 munakhazikitsidwa thumba la chitukuko la MASAF ndi ndalama za Banki ya Dziko Lonse. Kachitidwe kake kanali kosavuta kumvetsa. Anthu ankakhala pansi n'kugwirizana chimene akufuna, kaya ndi buloko ya sukulu, nyumba ya aphunzitsi, mjigo kapena mlatho. Ankasankha komiti, ankaumba njerwa ndi kututa mchenga, ndipo ndalama zinkalowa mu akaunti ya komitiyo kubanki. Komiti ndiyo inkagula simenti ndi malata, ndiyo inkalemba mmisiri, ndiyo inkasunga malisiti. Ndalama sizinkabwera zonse pakamodzi: gawo lotsatira linkatuluka pokhapokha loyambalo litafotokozedwa bwino. Mabuloko ambiri a nthawi imeneyo akuphunzirirabe ana lero. Ngakhale MASAF isanabwere, mu 1968 anthu a ku Chingale m'boma la Zomba anakumba okha ngalande zoikamo mapaipi otsitsa madzi kuchokera kuphiri, boma n'kupereka mapaipiwo ndi akatswiri, ndipo njirayo inafalikira ku Mulanje ndi maboma ena.

Chimene chimasiyanitsa ntchito zoterezi ndi za kontilakita wochokera ku Lilongwe ndi kudziwa. Anthu a m'mudzi amadziwa pamene mtsinje umasefukira mu Febuluwale, amadziwa mmisiri amene khoma lake silipendama, amadziwanso mtengo weniweni wa thumba la simenti pa teledingi senta. Kontilakita amaika pa mtengo phindu lake, mafuta a galimoto yake, ndiponso nthawi zina kangachepe ka amene anamupatsa ntchitoyo. Akamaliza amapita, ndipo khoma likang'aluka palibe woti n'kumugogodera pakhomo. Wapampando wa komiti ya m'mudzi alibe kothawira. Amakumana ndi anthu omwewo kumaliro, kutchalitchi ndi kumsika, ndipo mwana wake amalowa m'kalasi momwemo.

Otsutsa amayamba ndi mawu akuti anthu akumudzi adzadya ndalama. Ena adzadyadi, palibe chifukwa chobisira. M'nthawi ya MASAF momwe munali makomiti amene matumba a simenti anasowa m'manja mwawo. Koma tiyeni tifanizire mwachilungamo. Kubedwa kwa ndalama za boma kumene kunadziwika mu 2013 ndi dzina lakuti Cashgate sikunachitikire pansi pa mtengo wa kachere. Kunachitikira ku Capital Hill, m'manja mwa anthu ophunzira za kawerengedwe ka ndalama, ndipo mabiliyoni analipiridwa kwa makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Kafukufuku wa kayendetsedwe ka CDF wapezanso kangapo ndalama zopanda malisiti ndi ntchito zolembedwa papepala koma zosaoneka pansi. Ndalama zochepa zimene mudzi wonse ukudziwa kuchuluka kwake n'zovuta kuba kuposa zambiri zimene akuzidziwa anthu atatu mu ofesi. Komanso amayi a banki m'khonde amasunga kaundula, amabwereketsana, amagawana masheya pakutha pa chaka popanda wowayang'anira wochokera kuboma. Kunena kuti anthu amenewa sangathe kusunga buku la ndalama za mjigo ndi chipongwe.

Chotsutsa chachiwiri n'cholimba kuposa choyambacho. Komiti ya m'mudzi ilibe injiniya, ndipo mlatho womangidwa mwa mphwayi umapha anthu. Apa ndivomereza kuti pali ntchito zimene timathumba ting'onoting'ono sitingagwire: msewu wa phula, chipatala chachikulu, damu. Zimenezo zikhale kwa khonsolo ndi boma. Koma zimbudzi za pasukulu, chitsime chotetezedwa, sukulu ya mkombaphala, denga la sikelo ya ana, kapena kukonza mjigo umene wafa chifukwa cha kachitsulo kamodzi, sizifuna injiniya wokhala pamalopo tsiku lililonse. Zifuna pulani yovomerezeka imodzi ndi mkulu wa zomangamanga wa khonsolo wobwera kudzaona maziko asanakwiriridwe. Mkulu ameneyo apatsidwe mafuta a njinga yamoto kuchokera m'thumba lomwelo, chifukwa nthawi zambiri chimene chimamulepheretsa kupita kumudzi ndi mafuta basi. Mapaipi ambiri a madzi a m'mapiri aja anadzafa pamene ndalama zokonzera ndi alangizi oyendera zinatha, ndiye thumba lililonse lizikhala ndi kagawo kosungira kukonza.

Palinso mantha akuti amfumu ndi abale awo ndiwo adzalamulire komiti, ndipo osauka azingotumidwa kututa mchenga kwaulere monga thangata wa m'minda ya azungu ku Thyolo ndi Chiradzulu. Mantha amenewa ali ndi maziko. Koma thangata anali ntchito yokakamiza pa munda wa munthu wina, pamene apa chomangidwacho n'cha otuta mchengawo. Chofunika ndi malamulo omveka: komiti isankhidwe pa msonkhano wa anthu onse, amayi akhale theka, amfumu akhale oweruza madandaulo koma osasaina cheke, ndipo nkhalamba ndi odwala asalipitsidwe chindapusa polephera kubwera kuchitukuko. Ndalama zolandiridwa ndi zogwiritsidwa ntchito zizilembedwa pa bolodi pakhomo pa sukulu.

Njira zoyendetsera zonsezi zilipo kale. Ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu ya 1998 inalimbikitsa makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC) ndi a m'madera (ADC), ndipo makomitiwa akhala akulemba mapulani a chitukuko cha m'midzi mwawo. Vuto n'lakuti mapulaniwo amapita kukhonsolo n'kukagona m'mafayilo, pamene ndalama zakhala zikutsata kumene phungu akufuna mavoti. Mu 2025 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti aphungu sayenera kuyendetsa nawo CDF, popeza ntchito yawo ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma. Kuchotsa cheke m'manja mwa phungu n'kuchipereka kwa bwanamkubwa (DC) n'kungosamutsa vutolo kuchoka mu ofesi ina kupita mu ina. Unduna wa maboma aang'ono ulembe m'malamulo a thumbali gawo lokhazikika lopita ku ma VDC, ndipo VDC imene yalephera kuonetsa malisiti isalandire chaka chotsatira mpaka itasankha komiti ina.