Awerengeni magazi athu, koma atifunse kaye

Wothyola tiyi aliyense ku Nchilamwela amadziwa kuti sikelo ikanama, amene amagona ndi njala ndi iye. Lero tikufuna tikambe za sikelo ina, ya madokotala, imene imayeza mankhwala oyenera thupi la munthu.

Kumbukirani zaka zija. Mu 2003 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV kuno ku Thyolo, ndipo mu 2004 boma linayamba kuwapereka kwaulere m'dziko lonse. Anthu amene tinawataya kale mtima anadzuka n'kubwerera kuminda. Komatu m'mapiritsi a Triomune munali nevirapine, amene kwa anthu ena ochepa ankatulutsa zilonda m'kamwa ndi m'maso, khungu n'kumasupuka ngati lapsa ndi moto. Piritsi limodzimodzi, wina kuchira, wina kugonekedwa m'chipatala. Chifukwa chiyani?

Yankho linachokera m'masamu. Akatswiri a ku Blantyre ndi ku Liverpool anayerekeza chibadwa cha m'magazi cha Amalawi amene anasupuka ndi cha amene sanasupuke. Mu 2013 analengeza kuti chizindikiro china chotengera kwa makolo, chotchedwa HLA-C*04:01, chinkapezeka kwambiri mwa osupukawo. Masamu omwewo anachenjezanso kuti ambiri okhala ndi chizindikirochi savutika konse. Chiwerengero chimanena za ngozi, sichilosera ngati ng'anga.

Nevirapine anasiya kukhala mankhwala oyambira, ndipo kuyambira mu 2019 Malawi anasamukira ku dolutegravir. Koma phunziro lija tisaliponye kudzala. Mu 2016 zinadziwika kuti mwa anthu 100 alionse amene chibadwa chawo chinafufuzidwa m'kafukufuku wamkulu wa padziko lonse, pafupifupi 80 anali a mtundu wa ku Ulaya, pamene a mtundu wa ku Africa anali atatu okha. Kodi sikelo yokonzedwa poyeza azungu ingayeze bwino Mlomwe kapena Mmang'anja wa ku Thyolo? Amawa adzatipatsa mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi potengera matupi a eni.

Tsono ife tikuti magazi athu awerengedwe. Koma tisaiwale za 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'maboma akuno kumwera. Mantha otere amakula pamene anthu sauzidwa zoona. Wofufuza akafika, afotokoze m'Chichewa chomveka kuti magaziwo akupita kuti, asungidwa ndi yani, ndipo kwa zaka zingati. Chilolezo cha mfumu kapena cha bwana wa pa esiteti si chilolezo cha mwini mkono. Wokana asaopsezedwe kuti ntchito imuthera. Ndipo zotsatira zibwerere kuno, osati kukathera m'mabuku a ku London.

Aphungu athu akufunseni zimenezi ku Nyumba ya Malamulo, ndipo Kamuzu University of Health Sciences iphunzitse ana athu masamu ameneŵa. Wokolola ndi ife. Sikeloyo tiione ndi maso athu.