ZA UMOYO: Kukula kwa Cotupa Kumanyenga

Mu 1991, ku Villejuif m'dziko la France, Dr. Lluis Mir ndi anzace analengeza njira yacilendo yocizira khansa. Wodwala amapatsidwa mankhwala a bleomycin, ndipo cotupa cimagundidwa ndi magetsi kwa kamphindi kuti timaboo titseguke m'maselo, mankhwalawo alowe.

Cobvuta ndico kudziwa ngati cotupa cagonja. Muyeso wa RECIST umati cabwerera cikacepa ndi magawo 30 pa 100. Koma masiku oyamba cimafufuma, nicita nkhanambo, ndipo wodwala amataya mtima poganiza kuti cakula. Ndico cifukwa cace madokotala amayembekeza milungu 4 kufikira 8 asanagamule. Cikakhala m'ciwindi, amayang'ana pa cithunzi ca CT ngati magazi akali kuyendamo, pakuti cotupa cosalandira magazi kawiri-kawiri cimakhala cakufa, ngakhale cioneke cacikuru.