Ndemanga ya Mkonzi: Malinki Akuloza pa Bwinja

Aliyense amene anafunapo fomu ya nchito kapena cikalata ca Boma pa intaneti akuidziwa nambala ya 404. Mudina linki imene mnzanu anakutumizirani, ma bundle ali mkutha, koma cimene cibwera ndi uthenga wakuti tsambalo kulibe. Mwina analisamutsa, mwina analifafaniza, koma linki ikali kuloza pa bwinja.

Bvutoli si la kuno kokha. Mu 2024 bungwe la Pew Research Center la ku America linapeza kuti pa masamba 100 alionse amene analipo mu 2013, masamba 38 anali atasowa pofika mu 2023.

Koma ife tili ndi citsanzo cathucathu. Mu February 1996 boma la a Frederick Chiluba linaletsa kope nambala 401 la nyuzipepala ya The Post, ndipo kampani ya Zamnet inauzidwa kulicotsa pa intaneti. Kopelo linapulumuka cifukwa wowerenga wina kunja kwa dziko analisunga n'kuliika pena. Patapita zaka 20, mu June 2016, bungwe la ZRA linatseka nyuzipepalayo pa nkhani ya misonkho. Kaya munali kuikonda The Post kaya munali kudana nayo, zilibe kanthu. Mwana wa sukulu pa UNZA amene atsata linki yakale ya nkhani zake lero safika pa nkhaniyo. Akacita mwayi aipeza mu Wayback Machine, nkhokwe ya bungwe la Internet Archive ku San Francisco. Kodi mbiri ya dziko lino izisungidwa ndi anthu a ku California?

Lamulo la Printed Publications Act limafuna kuti zosindikizidwa papepala ziziperekedwa ku National Archives mu Lusaka. Ife tikuti nyumba imeneyi ipatsidwe mphamvu ndi ndalama kuti izisunganso masamba a pa intaneti a maunduna, makhoti ndi manyuzipepala. Ndi ife a nyuzi tomwe, tisadzipatule.

Mbali inayo ndi yosabvuta. Maunduna amasintha maina, monga zinacitikira mu 2021 pamene maunduna awiri a zamaphunziro anaphatikizidwa kukhala umodzi, ndipo dzina likasintha keyala ya tsamba imasinthanso. Kupeza malinki akufa sikufuna tenda kapena msonkhano wa ku Siavonga. Pali mapulogalamu aulere, monga W3C Link Checker, amene amayesa linki iliyonse pa tsamba n'kuonetsa imene yafa. Tsamba likasamuka, wa kompyuta angathe kuika colozera pa keyala yakale cotumiza munthu kumalo atsopano, nchito ya mphindi zocepa cabe.

Tikupempha a Smart Zambia Institute kuti auze ofesi iliyonse ya Boma iziyesa malinki ake kamodzi pamwezi, kuyambira pa masamba a mafomu a nchito, a ngongole za ophunzira ndi a penshoni.