Digiri ya utolankhani: werengani kaye musanagulitse ng'ombe

Tsiku la Sabata lapitali, titatuluka mu Misa kuno ku Lilayi, mai ena anatiimika pakhomo pa chalichi. Mwana wao wamkazi wapatsidwa malo pa UNZA kuti akaphunzire utolankhani, ndipo banja likuganiza zogulitsa ng'ombe ziwiri kumudzi ku Katete. Funso lao linali limodzi: "Kodi nchito adzaipeza?" Sitinafune kuwanamiza.

Digiri imeneyi ndi ya zaka zinai. Kuonjezera pa fizi, pali lendi ku Kalingalinga cifukwa zipinda za pa sukulu sizikwanira, pali cakudya, laputopu ndi mabando a intaneti. Wothandizidwa ndi bungwe la HELSB asaiwale kuti imeneyo ndi nkhongole, ndipo adzaibweza. Ndalama za cakudya zimene boma linacotsa mu 2019 zinabwerera mu 2023, koma zokhazo sizisunga mwana mu Lusaka.

Nanga akamaliza? Nyuzipepala ya The Post, imene inalemba nchito atolankhani ambiri, inatsekedwa mu 2016. Prime TV inalandidwa laisensi mu 2020 n'kutsegulanso mu 2021, ndipo miyezi yonseyo anchito anali pakhomo. Anthu masiku ano amawerenga nkhani pa Facebook osalipira ngwee. Omaliza maphunziro ambiri amene tiwadziwa ali m'makampani ndi m'mabungwe, akulemba zotamanda mabwana ao. Si tchimo, koma si utolankhani.

Cimene cimatipweteka kwambiri ndi ici. Mwana wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands angathe kugwira nchito caka cathunthu osalandira kanthu, poti nsima aipeza kwa makolo. Mwana wa mlimi sangathe, ndipo amacoka msanga. Zotsatira zake, wofunsa nduna za fetereza wa FISP kapena za malipiro a FRA amakhala munthu amene sanadikirepo pa depoti ndi matumba a cimanga. Pamene Breeze FM ku Chipata ndi Radio Chikaya ku Lundazi zikufuna anthu odziwa cilankhulo ca alimi, wailesi za m'madera sizikhala ndi ndalama zolipira wa digiri. Lamulo lopatsa nzika ufulu wofunsa boma za nchito zake linasainidwa mu Disembala 2023, koma adzaligwiritsa nchito m'malo mwa mlimi ndani?

Conco sitikuti mtsikanayu asapite. Anthu onga iye ndiwo akusowa m'manyuzi. Koma mai aja tinawauza kuti ayambe apempha nkhongole ya HELSB, akafunsenso mtengo wa dipuloma ya utolankhani pa Evelyn Hone College, ndi kufunsa komiti ya citukuko ya mu wadi ngati thandizo la CDF lingafike kumeneko. Mtsikanayo akathandizeko pa wailesi ya kwao mwezi umodzi, aone yekha nchitoyo ndi malipiro ake. Ng'ombezo zikhale kaye m'khola, zidzalime mvula ikagwa.